Gawo Limene Ndinakana

Mwezi wathawu bambo wina wopanga mafilimu anabwera kudzaonera sewero lathu, ndipo litatha anandiitanira pambali nandipatsa mapepala asanu. Gawo langa linali la mtsikana wantchito wochokera kumudzi, wophwanya mbale, woopa firiji, wokhala pansi pamene mipando ilipo. Dzina analibe. Bamboyo anati anthu akaseka mpaka nthiti kuwawa, ndipo ndalama zimene anatchula zinali zokwanira lendi ya miyezi itatu.

Mayi anga anagwira ntchito ya m'nyumba zaka 12 kuti ine ndifike pano. Usiku umenewo tulo sitinabwere, ndipo maganizo anga anapita kwa mayi wina wa ku America amene ndakhala ndikuonera mafilimu ake, Cicely Tyson.

Tyson anabadwira ku New York mu 1924 kwa makolo ochokera ku chilumba cha Nevis. Mayi ake nawonso ankagwira ntchito m'nyumba za anthu, ndipo anali okonda mapemphero kotero kuti atamva kuti mwana wayamba zisudzo anamuthamangitsa pakhomo. Njira yolowera m'zisudzo anaigula modula chotero, komabe m'zaka za m'ma 1970, pamene akazi akuda ankaitanidwa kawirikawiri kudzasewera ngati mahule, iye ankakana, n'kukhala nthawi yaitali wopanda filimu.

Magawo amene anavomera ndiwo akukumbukiridwa. Mu 1972, mu Sounder, anali Rebecca, mayi wa ku Louisiana wotsala ndi ana ndi munda mwamuna wake atamangidwa chifukwa choba chakudya, ndipo dzina lake linalowa pa opikisana mphoto ya Oscar. Mu 1974, pa wailesi yakanema, anali Jane Pittman, wobadwa mu ukapolo n'kufika zaka 110, amene pomaliza akuyenda pang'onopang'ono kukamwa madzi pa mpopi wa azungu okha. Analandira nazo mphoto ziwiri za Emmy. Mu 1977 anali Binta, mayi wa Kunta Kinte, mu Roots.

Chimene chinandithandiza kwambiri ndi The Help ya mu 2011. M'menemo Tyson anaseweradi ngati wantchito wa m'nyumba. Koma wantchito uja ali ndi dzina, Constantine, ali ndi mwana wakewake, ndipo pamene akuchotsedwa ntchito atakalamba, woonera amamva manyazi m'malo mwa abwana ake. Ndinazindikira kuti vuto la mapepala anga silinali tsache kapena mbale. Vuto linali lakuti m'mapepalamo munalibe munthu.

M'mawa mwake ndinabwerera kwa bamboyo. Ndinati, "Bambo, mtsikanayu mum'patse dzina, ndipo mutiuze chimene chinamuchotsa kwawo." Anaseka, nati filimu si kalasi. Gawolo anatenga mnzanga wina, ndipo sindimuda, pakuti nayenso ali ndi lendi. Iye anandikumbutsa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Mwina akunena zoona. Tyson analandira Oscar yaulemu mu 2018 ali ndi zaka 93, namwalira mu 2021, ndipo ambiri amene anakana ngati iye palibe wowadziwa lero. Ine ndingakhale mmodzi wa amenewo. Eni nyumba agogoda kale kawiri sabata ino. Koma mafilimu amenewa amafika ndi kwathu komwe, m'kanyumba ka vidiyo ka pamsika, ndipo mayi anga akanakhala pa benchi yakutsogolo kudikira nkhope yanga.