Dzina la Mwana Wathu

Mwana wathu wachitatu anabadwira kuno ku Nchilamwela, kumene timathyola tiyi m'maesiteti a ku Thyolo. Awiri oyambawo tinawaika m'manda asanayambe n'kuyenda komwe. Choncho anganga atafika kuchokera ku Mangochi, dzina anali nalo kale: Manda. Iwo anati imfa ikamva dzina loipa imalambalala khomo.

Ife tinali titasankha Jamila. Pa tsiku lachisanu ndi chiwiri tinamumeta tsitsi, n'kuzinga mbuzi ya akika. Anganga anakana nyamayo. "Ana inu, maliro awiri sanakukwanireni?" anatero akulira.

Tinapita kwa shehe wathu. Anatikumbutsa kuti Mtumiki Muhammad (SAW) ankasintha maina oipa, monga mtsikana wina amene dzina lake linkatanthauza wosamvera anamutcha Jamila. Anatinso Surah Al-Hujurat, ndime 11, imaletsa kuitanana maina onyoza. Koma anatidzudzulanso: tinakangana ndi kholo osaona kuti kukakamira kwake kunali mantha a munthu amene anasambitsa zidzukulu ziwiri.

Usiku womwewo tinakhala nawo pamphasa n'kupepesa. Tinati moyo ndi imfa zili m'manja mwa Allah yekha, ndipo tinawapempha kuti dzina lapakhomo apereke iwo, lokhala ndi chiyembekezo. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, "Tadala."

Alhamdulillah, lero akuthamanga. Kumadrasa ndi Jamila, pakhomo ndi Tadala. Abale ndi alongo, mkangano wa dzina ukabuka, yambani mwafunsa chimene agogo akuopa.