Chingwe cha Bambo

Kwathu kwa Tengani, m'boma la Nsanje, kulibe chikepe. Nyumba zathu n'zapansi. Komabe phunziro limene landisungira ntchito yoika zikepe ku Johannesburg ndinalitola komweko, m'manja mwa malemu bambo anga.

Bambo anali mmisiri womanga nyumba. M'thumba mwawo simunkasowa levulo yathabwa ndi chingwe chokhala ndi kachitsulo kosongoka kunsonga. M'mawa uliwonse, dzuwa la kuchigwa lisanayambe kuwotcha, ankaika levulo ija panjerwa n'kuona pamene kathovu kaima. Kenako ankaitembenuza, kumutu kukhala kumiyendo, n'kuonanso. Ine ndinkaona ngati kutaya nthawi.

"Mwanawe," ankatero, "chida chiyambe chayesedwa chisanayese khoma."

Madzi osefukira a mu Januwale 2015 atakokolola munda wathu, ndinalowera ku Joni. Ndinapeza ganyu yonyamulira zida amisiri oika zikepe, ndipo pang'onopang'ono ndinaiphunzira ntchitoyo. Chikepe chimayenda pa njanji ziwiri zoimirira, zomangiriridwa kukhoma kuyambira pansi mpaka pamwamba. Njanjizo zikapendekeka, ngakhale ndi mamilimita ochepa, chikepe chimanjenjemera, zogwirira njanji zimaperepeseka msanga, ndipo okwera amagwira mtima m'manja. N'chifukwa chake amisiri amatsitsa mawaya opyapyala kuchokera pamwamba, n'kumangirira zitsulo zolemera kunsi kwake. Zitsulozo amazimiza m'chidebe cha oyilo kuti zisamagwedezeke. Waya ukadekha, ndiwo umalamula poika njanji.

Kudikira waya kunkanditopetsa. Tsiku lina ndinagula levulo ya laser pamsika wa m'mbali mwa msewu, yotchipa, yonyezimira bwino. Ndinaigwiritsa ntchito polemba malo obowola m'nyumba ya nsanjika 8, osaiyesa n'komwe. Kuwala kwake kofiira kunkaoneka kowongoka ngati muvi. Chikomekome cha nkuyu! Folomani atatsitsa waya, zinapezeka kuti chida changa chimaphonya milimita imodzi pa nsanjika iliyonse. Pofika pamwamba tinali titataya mamilimita 8.

Ntchito ya masiku awiri tinaimasula yonse. Folomani sanakalipe. Anangoti, "Mawa ubwere ndi nzeru, apo ayi usabwere." Usiku umenewo sindinagone. Ndinkaganiza za mayi, amene ankadikira kangachepe kanga mwezi ndi mwezi, komanso za anthu osawadziwa amene akanamakwera chikepe chimenecho, ana ali kumsana.

Lero laser ndimagwiritsa ntchito, pakuti yabwino imafulumizitsa zinthu. Koma pogula sindiyang'ana utoto. Ndimafunsa kuti imaphonya mamilimita angati pa mtunda wotani, ndimafuna pepala losonyeza kuti inayesedwa, ndipo ndimaiyerekeza ndi waya ndisanabowole khoma. Ikagwa pansi kamodzi kokha, ndimaiyesanso. Levulo wamba ndimaitembenuza monga ankachitira bambo. Chida chopangidwa ndi munthu chimatha kusokonekera osadandaula, pamene chitsulo cha pachingwe chimakokedwa ndi dziko lenilenilo, ndipo dziko silikondera.

Mu 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba ya mayi, ndinabwerera kumudzi kukamanga ina. Mayi anatulutsa chingwe cha bambo m'chitini momwe anachisunga. Mphwanga wamng'ono, ataona ndaimirira duu kudikira kuti kachitsulo kadekhe, anaseka.

"Achimwene, mukutaya nthawi."

Ndinamupatsa levulo, n'kumuuza kuti aitembenuze.