Musanatchetche pa nyumba yatsopano, yambani mwafunsa

Ambiri timaidziwa Area 4 ngati dera la masitolo, magalaja ndi maofesi. Koma mvula ikangogwa kawiri katatu mu Disembala, dera limeneli limasintha nkhope. Mukayenda wapansi kuchokera pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe kutsata msewu wa Kamuzu Procession, muona zomera zitatuluka m'ngalande, m'mbali mwa mipanda ndi m'mapuloti osamangidwa. Likulu lidasamukira kuno kuchoka ku Zomba mu 1975, komatu tchire silidasamuke. Limangodikira mvula.

Tsono inu ana anga amene mwangopeza nyumba kuno kapena ku Area 3, kuseri kwa nyumba yanuyo kwamera ndiwo, kwameranso poizoni. Mwana wokwawa sasiyanitsa. Iye chilichonse n'cha m'kamwa.

Tiyambe ndi zabwino. Paja pankatayidwa phulusa ndi zinyalala mupezapo bonongwe. Chisoso muchidziwa ndi timbewu take takuda tomata pachitenje. Luni ali ndi masamba ngati zala za dzanja ndi timaluwa toyera. Denje ndi therere labwino zedi. Izi ndi ndiwo zomwe amayi akugulitsa pamulu mumsika waukulu kutsidya kwa mtsinje, ndipo zimathandiza magazi kwa amayi oyembekezera ndi ana. Chenjezo langa ndi limodzi: musathyole zomera pafupi ndi garaja, pamsewu kapena pomwe pamadutsa madzi a m'chimbudzi. Ndiwo ingakhale yabwino, dothi lake likakhala loipa imadwalitsa.

Tsopano zoopsa. Nthula imabala tizipatso tachikasu tonga timatimati, ndipo ana amatikonda poseweretsa masanje. Sitidyedwa. Nsatsi zili ndi njere zamawangamawanga zokongola, koma mwana akatafuna zochepa chabe akhoza kusanza ndi kutsekula m'mimba mpaka kutha madzi m'thupi. Msatsimanga, uja ena amabzala ngati mpanda, njere zake zimakoma ngati mtedza, n'chifukwa chake ana amadya zambiri nthawi imodzi. Nkhadze utomoni wake woyera ngati mkaka umaotcha maso. Palinso chomera cha maluwa oyera onga lipenga, chobala chipatso chaminga ngati kanungu. Mwana akadya njere zake amauma kukhosi, thupi limatentha, amayamba kubwebweta. Chimenecho zulani ndi mizu yomwe, mutavala pepala lapulasitiki m'manja.

Nanga chomwe simukuchidziwa? Akulu adati safunsa adadya phula. Musalawe, musanunkhize mwana, ndipo musakhulupirire zoti mbuzi kapena mbalame ikadya ndiye kuti n'chabwino kwa munthu. Thyolani nthambi yokhala ndi masamba, duwa ndi chipatso, mukaonetse agogo oyandikana nawo kapena amayi ogulitsa masamba mumsika. Funsani anthu awiri atatu, pakuti dzina la chomera limasiyana pakati pa Dedza, Mzimba ndi Mulanje. Mukafuna kutsimikiza, a National Herbarium and Botanic Gardens ali ndi munda wawo wa zomera kufupi ndi Capital Hill, ndipo ntchito yawo ndi yomweyo. Za pafoni zojambula chithunzi n'kutchula dzina zija zimathandiza, koma zimaphonyanso. Bowa ndiye ayi ndithu: womera pakapinga panu musiyeni.

Pa zaka zomwe ndidagwira ntchito ya unamwino, chovuta sichidali mankhwala, koma kholo lofika likulira, osadziwa chomwe mwana wadya. Tsono ngozi ikachitika, chotsani zotsala m'kamwa mwa mwana. Musamusanzitse, musam'mwetse mafuta ophikira, mkaka kapena madzi amchere. Tengani chomeracho, kumbukirani nthawi yomwe wadya, thamangirani ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central ngakhale akuoneka wamphamvu, chifukwa poizoni wina amachedwa kuonekera. Utomoni ukalowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera kwa mphindi 15 musananyamuke.

Bambo ndi mayi, Loweruka likubwerali musatume mnyamata ndi chikwanje nokha muli m'nyumba. Zungulirani bwalo lonse limodzi, ana okulirapo ali pambuyo panu, muziwatchulira maina. Zoopsa zulani, zosadziwika kafunseni, bonongweyo musiyireni malo. Madzulo ake mudyera nsima ndiwo yotendera yosagula.