Moni Woloweza ndi Moni Wofunsa

M'mawa uliwonse tikalowa m'kalasi ndi kupereka moni, ana amaimirira nayankha pamodzi kuti, "We are fine, thank you, sir." Amayankha chotero ndi amene wagona ndi njala yemwe, ngakhalenso amene thupi likumutentha. Ndife aphunzitsi tinawaphunzitsa kutero, ndipo kwa zaka zambiri tinkanyadira.

Chingerezi chili ndi mawu ambiri oumbidwiratu, onga njerwa zotuluka m'chikombole chimodzi. Kalata yoyamba ndi "Dear Sir" imatha ndi "Yours faithfully", koma yotchula dzina la munthu imatha ndi "Yours sincerely". Mngelezi akafunsa kuti, "Haven't you eaten?" munthu wosadya amayankha "No", pamene ife timati, "Inde, sindinadye." Mwana akamatuluka m'nyumba nanena "I am coming", wangotembenuza "ndikubwera" wathu, ndipo mlendo amadabwa pomuona akupita. Zonsezi n'zoyenera kuziphunzira bwino, pakuti ngakhale Chichewa chinakhala chiyankhulo cha fuko m'chaka cha 1968, Chingerezi chinakhalabe cha m'maofesi ndi cha mayeso.

Koma pali chimodzi chimene tinachedwa kuchizindikira. Mwana wathu wachisamba ali ku sekondale yogonera komweko, anatitumizira uthenga wakuti, "I hope you are fine as I am fine here." Mitima yathu inakhala pansi. Pa tchuthi anafika ataonda, ndipo tinamva kuti polemba uthengawo n'kuti akudwala malungo. Amayi ake atamufunsa chimene anabisira, iye anati, "Sindinabise, amayi. Ndimo timayambira kalata." Mwanayo sananame. Analemba monga momwe ife tomwe tinamuphunzitsira.

Kwa eni ake chiyankhulocho, "How are you?" kawirikawiri ndi moni chabe, ndipo wofunsa sayembekeza kumva za matenda. Kwathu kuno sizitero. Tikafunsa kuti, "Mwadzuka bwanji?" wina nayankha kuti, "Tadzuka pang'ono," timaima, timakhala pansi, ndi kufunsa chimene chavuta. Odwala ambiri m'midzi mwathu adziwika chifukwa cha moni wotere.

Makolo anzathu, mwana akakuyankhani ndi mawu oloweza, musakhutire msanga. Mufunseninso m'chiyankhulo chimene anayamwa, ndipo dikirani yankho lake. Inunso achinyamata, phunzirani mawu oumbidwiratuwa, muwagwiritse ntchito polemba mayeso ndi pofunsira ntchito. Koma polembera makolo anu, nenani chimene chili m'thupi ndi mumtima, chifukwa mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo kholo silingathandize vuto limene silinalimve.

Masiku ano ana akatha kuyankha pamodzi m'kalasi mwathu, timafunsanso m'Chichewa kuti, "Ndani sanadzuke bwino?" Sipalephera kutukuka dzanja limodzi kapena awiri.