Ndinaperekeza mnzanga kumsonkhano wa ofuna kusiya mowa

Sabata ino za mayeso a MSCE ndaziika padera. Pali nkhani imene sukulu iliyonse imaidziwa koma imakambidwa monong'ona: mphunzitsi amene malipiro akangolowa amasowa masiku atatu, n'kutulukira maso ali psuu, manja akunjenjemera mpaka choko kuthyoka pabolodi. Ana amupatsa dzina, a hedi amulembera kalata, mayi a kunyumba apita kwa ankhoswe, khadi la kubanki lili kwa a katapila.

Mnzanga wina amene ndaphunzitsa naye zaka zambiri anafika pamenepo. Atalandira kalata yachiwiri yomuchenjeza anandiuza kuti, "Achimwene, ndayesa kusiya kasanu konse. Pandekha zandikanika." Wandilola kulemba izi, bola ndisatchule dzina lake kapena sukulu.

Tinayambira kuchipatala cha boma, kwa namwino woona za matenda a maganizo. Chonde musalumphe pamenepa. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku akasiya mwadzidzidzi angathe kugwa ngati wakhunyu kapena kuyamba kuona zinthu zimene palibe, makamaka tsiku lachiwiri ndi lachitatu, ndipo ena amafa nazo. Masiku oyambawo ndi a achipatala. Amene ali pafupi ndi St John of God ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, kapena chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, angafunsenso kumeneko.

Namwinoyo ndi amene anatipatsa nambala ya foni ya bambo wina wa gulu la Alcoholics Anonymous, mwachidule AA. Magulu amenewa sakonda kudzionetsera, choncho safunsa anadya phula. Funsani anamwino, abusa kapena ansembe, popeza kawirikawiri magulu otere amabwereka chipinda kutchalitchi ngakhale kuti si a mpingo uliwonse. Muyambe mwaimba foni kuti mudziwe tsiku ndi nthawi.

AA inayamba mu 1935 ku Akron, m'chigawo cha Ohio ku America, pamene anthu awiri ovutika ndi mowa, Bill Wilson ndi Dr. Bob Smith, anaona kuti akamauzana za vuto lawo tsiku limatha osamwa. Mu 1939 panatuluka buku lawo lofotokoza masitepe 12 amene mamembala amatsata. Kuti ulowe safuna kalata kapena ndalama, koma mtima wofuna kusiya mowa basi. Misonkhano ina ndi ya eni vutoli okha, ina amalola abale ndi anzawo. Ine ndinakhala nawo pa wotseguka kwa onse.

Tinapeza anthu 9 atakhala mozungulira. Aliyense amatchula dzina loyamba lokha. Chimene chinandidabwitsa ine wa choko n'chakuti kutsogolo kunalibe munthu. Panalibe wophunzitsa, panalibe wochonga zolakwa. Wina akamalankhula palibe womudula pakamwa kapena kumulangiza. Bambo wina anafotokoza mmene ankabisira kachasu m'thumba la chimanga, onse n'kuseka, mnzanga uja n'kusekanso, chifukwa iye ankabisa m'katoni ya makope a ana. Miyezi yambiri inali itadutsa ndisanamuone akuseka asanalawe kanthu.

Ife aphunzitsi tinazolowera kukhala ndi yankho. N'chifukwa chake kunena kuti "zandikanika" kumatilemera kuposa anthu ena, ndipo ulaliki wa a hedi umangotiumitsa khosi. M'chipinda chija mnzanga sanali "sala" wa aliyense. Sanamuuze kuti alumbire kusiya moyo wake wonse, anangoti asamwe lero, za mawa aziona mawa. Patapita masabata angapo anasankha bambo wina amene watha zaka osamwa kuti akhale womuyang'anira, amene iwo amati sponsor, woti angamuimbire ngakhale pakati pa usiku.

Mwina muti izi n'zongosangalatsana. Mu 2020 akatswiri a bungwe la Cochrane anaunika kafukufuku 27 wokhudza anthu oposa 10,000, ndipo anapeza kuti njira yolowetsa anthu mu AA imathandiza kusiyiratu mowa mofanana ndi uphungu wina wodziwika, penanso kuposa. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma lamulo silingakhale pambali pa munthu Lachisanu madzulo malipiro atalowa. Mnzake ndiye angakhalepo.

Sizinayende myaa ayi. Mnzanga anamwanso paukwati wa mphwake. Sabata yotsatira anabwerera kumsonkhano, anaulula, anzake anamulandira, anayambanso kuwerenga masiku. Panopa akutha teremu yachiwiri osajomba.

Pempho langa ndi ili. Ngati pasukulu panu pali wotere, kumuphunzitsira mapiriyodi ake kuti a hedi asadziwe sikumuthandiza. Mufunseni poduka mphepo ngati angalole kuti mumuperekeze, chifukwa khomo lija ndi lolemera kulitsegula wekha tsiku loyamba. Kwa a m'banja lake kuli Al-Anon, imene inayamba mu 1951. Amene muli kutali ndi tauni, misonkhano ina imachitika pa intaneti, foni ikwanira. Ndipo inu ana anga akale, ngati nkhaniyi ikukhudza inuyo, ndilembereni mwamseri. Sindidzakufunsani kuti munakhoza bwanji Fomu 4. Mnzako akapsa ndevu m'zimire.

Tikumane sabata yamawa.