Mlendo amene amalowa mumtengo ndi dzina la mnzake

Aphunzitsi anzanga ndi makolo, aliyense amene anatchezapo chidulo akudziwa kale theka la nkhaniyi. Chimene chimafewetsa therere m'madzi a phulusa ndi potaziyamu, yemwe uja wa chilembo K pa thumba la feteleza. Mtengo umamukoka m'nthaka ndi mizu, ndipo nkhuni zikapsa iye amatsalira m'phulusa.

Potaziyamu ali ndi m'bale wake wofanana naye zedi, caesium, amene mabuku athu a Chipwitikizi amamulemba kuti césio. Mtundu wake wina, caesium-137, umatulutsa mphamvu yosaoneka yoyambitsa khansa. Unamwazika m'nkhalango pa ngozi ya ku Chernobyl mu 1986 ndi ya ku Fukushima mu 2011.

Mizu siwasiyanitsa bwino awiriwa. Caesium amalowera khomo la potaziyamu, makamaka nthaka ikakhala yoguga, n'kukwera ndi madzi mpaka kunsonga ndi kumasamba anthete. Masamba akayoyoka n'kuwola, mizu imamutolanso, basi kumangozungulira. Chimene chimandizizwitsa ine n'chakuti sakhazikika pomwe wafikira. Mumtengo wa ku Japan wotchedwa sugi, amachoka m'mbali yoyera ya thunthu n'kulowerera mpaka pamtima, pamene pamakhala pofiira tikadula mlombwa. Ngakhale thabwa limene linakula ngozi isanachitike limapezeka naye. Ndipo satha msanga: kuti achepe ndi theka pamapita zaka 30.

Moto sumupsereza, umangomuunjika. Mu 2011 boma la Japan linaika malire: nkhuni zisapitirire mabekerelo 40 pa kilogalamu, makala 280. Anthu a ku Fukushima amene ankadula zipika zolimapo bowa anasowa msika mitengo ili chiimire, yobiriwira bwinobwino.

Kwathu kuno sikunagwe ngozi yotere, therere lathu tidye ndi mtima m'malo. Koma ndikawerenga za anthu amenewa, ndimaganiza za matumba a makala amene ali ndandanda mumsewu wa Moatize mpaka Zóbuè. Ana ambiri m'kalasi mwanga muno ku Kambulatsitsi, makope ndi yunifolomu zawo zimachokera m'matumba amenewo. Makolo awo amadziwa mtengo wa makala olemera ndi wa makala othetheka pongouyang'ana khungwa. Anzawo a ku Fukushima nawonso ankaidziwa mitengo yawo chimodzimodzi, koma lero chipika asanachigulitse amayamba achipimitsa pamakina.