Kwa anzanga ojambula zithunzi kwa Mpama: sikirini yanu imakunamizani

Abale anga a kwa Mpama, makamaka inu oyenda ndi kamera m'maukwati ndi m'zinkhoswe, tamvani kaye. Chithunzi pa laputopu chimaoneka bwino, koma mukakachitsukitsa ku Limbe chimabwera chakuda bii, nkhope ya mkwatibwi itatuwa, chitenje cha yunifomu chitasintha mtundu. Mlandu umagwera wotsuka. Koma kawirikawiri wolakwa ndi sikirini yanu yomweyo.

Kuno ku Johannesburg, mu situdiyo momwe ndimagwira ntchito, palibe amene amakhudza chithunzi cha kasitomala sikirini isanayezedwe. Pali kachipangizo kotchedwa colorimeter, monga Spyder ya kampani ya Datacolor. Amakapachika pa sikirini, kompyuta n'kumaonetsa mitundu umodziumodzi, iko kakuwerenga. Kakamaliza, pamatuluka ICC profile yomwe imawongola paliponse pomwe sikirini ikupotoza. Kuyera amakuika pa 6500K, gamma pa 2.2, kuwala cha m'ma 120 cd/m². Mwezi ndi mwezi amabwereza, poti sikirini ikamakalamba imasintha. Mazenera atsekedwa ndi makatani, makoma ndi otuwa dala.

Nanga kwathu? Laputopu ndi ya kaunjika, kuwala kwakwezedwa mpaka kumapeto, munthu wakhala pakhonde dzuwa likuswa mtengo. Magetsi akazima, laputopu imadzichepetsera kuwala yokha kuti isunge batire, ndiye theka la zithunzi za ukwati umodzi mwakonza pa sikirini yowala, theka linalo pa yamdima. Sikirini yowala kwambiri imakuuzani kuti chithunzi chili bwino pomwe chili chakuda. Pepala lilibe nyale kumbuyo kwake, limaulula zonse. Malaputopu ambiri otchipa amakokeranso ku buluu. Inu pofuna kukonza mumawonjezera chikasu, papepala anthu n'kutuluka ngati akudwala.

Kwa ife akhungu lakuda nkhaniyi ndi yakale. M'zaka za m'ma 1950 kampani ya Kodak inkapatsa otsuka zithunzi khadi loyezera mitundu lotchedwa Shirley, ndipo pakhadipo panali mayi wachizungu. Makina ankayezedwa potengera khungu lake. Ndiye zimandiwawa kuti lero, makamera atasintha, ife eni ake ndi amene tikuyeretsa anthu pa Photoshop mpaka agogo osamzindikira mdzukulu wawo. Ndikudziwa, makasitomala ena amachita kupempha. Komabe achimwene, mphuno ikasowa pankhope, chimenecho sichithunzinso.

Sindikunyoza. Wojambula wa kwathu amagwira ntchito mu fumbi, pamsasa wamdima, ndi kamera imodzi, zomwe anzanga a kuno sangazikwanitse. Ndipo sindikuti mugulitse mbuzi kuti mugule colorimeter. Mu Windows muli kale pulogalamu yaulere: lembani dccw, mutsatire zomwe ikukuuzani. Siifika pa kachipangizo kaja, koma ndi poyambira. Tsitsani kuwala, zimitsani Night light, muzikonzera zithunzi m'chipinda chimodzi chomwecho, laputopu ili pamagetsi. Sungani mafayilo mu sRGB. Kenako tsukitsani chithunzi chimodzi chokhala ndi nkhope, malaya oyera ndi chitenje, muchiyerekeze ndi sikirini pafupi ndi zenera masana, n'kusintha mpaka zifanane. Wotsuka wanu akhale mmodzi, musamangosinthasintha.

Ngati muli angapo kwa Mpama ndi ku Boma, sonkheranani mugule kachipangizo kamodzi muzibwerekana. Kuyeza sikirini imodzi sikutha ngakhale theka la ola.